Mmene mungadziwire kuti tulo takupezani pa chiwongolero

Anzanga oyendetsa galimoto usiku, musamadikire kuti maso atsekeke ndiye muime. Thupi limakhala lachenjeza kale: kuyasamula pafupipafupi, zikope kulemera, mutu kumangogwa, mwadutsa pa sitolo ina koma simukukumbuka kuti mwadutsa nthawi yanji. Ubongo ukatopa olo kusintha giya kumakhala chintchito, ndipo umatha kuzima masekondi angapo maso ali chipenyere, pa spidi ya 100 masekondi 4 okha mwayenda mamita oposa 100 osaona kanthu, mwana atadumpha msewu pamenepo basi zavuta.

Kutsitsa windo kapena kukweza wailesi sikuchotsa tulo ayi. Imani pabwino, imwani khofi, kenako gonani maminitsi 20 poti khofiyo amachedwa kuyamba kugwira. Ndipo musananyamuke ulendo wautali gonani kaye maola 7 kapena kuposerapo.