Kampani ikuchotsa antchito koma inu yakuitanani: zoyenera kuona musanavomere

Si zachilendo kuti kampani ichotse anthu mazana mbali ina, kwinaku ikulemba ena. Kalata yoti mwapambana intavyu ikachokera ku kampani yotere, musaikane chifukwa cha mbiri yomwe mwamva, komanso musathamangire kusaina poona malipiro onona. Pali zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa bwino: mpando akukupatsaniwo uli pafupi bwanji ndi komwe kampaniyo imapezera ndalama, ndipo atakuchotsani pakatha miyezi 6, mudzatuluka ndi chiyani m'manja.

Yambani ndi kufufuza chomwe chachititsa kuti achotse anthu, chifukwa zifukwa zake sizifanana. Kampani ina imakhala kuti inalemba anthu ochuluka malonda ali pamwamba, ndiye ikungobweza chiwerengero pomwe chinali. Google inachotsa anthu pafupifupi 12,000 mu Januwale 2023 ikupangabe phindu lalikulu. Ina imakhala kuti yatseka nthambi imodzi yomwe siikulowetsa kanthu kuti ilimbikitse ina. Mitundu iwiriyi munthu angathe kulowamo ali maso. Woopsa ndi wachitatu, pomwe ndalama zikutha ndipo akuchotsa anthu kuti apeze cholipira otsalawo. Zizindikiro zake sizibisika: malipiro amachedwa, amene amagulitsa katundu ku kampaniyo akudandaula ngongole, mkulu woona za chuma wasiya ntchito mwadzidzidzi, ofesi zikubwezedwa kwa eni nyumba. Ngati kampaniyo imagulitsa masheya pamsika, malipoti ake a zachuma amakhala poyera. Onani ngati ndalama zolowa zakwera kapena kutsika pa zaka ziwiri zapitazi, komanso kukula kwa ngongole. Ikakhala kampani yaing'ono yodalira ndalama za anthu oikamo chuma, funsani mosapita m'mbali kuti ndalama zomwe ali nazo ziwafikitsa miyezi ingati. Zikakhala zosakwana miyezi 12, dziwani kuti ntchito yanu yadalira ndalama zomwe sanazipeze.

Chinthu chomwe ambiri amachiiwala n'chakuti kuchotsa antchito kawirikawiri sikuthera ulendo umodzi. Meta, kampani yomwe ndi mwini wa Facebook, inachotsa anthu 11,000 mu Novembala 2022, ndipo mu Malichi 2023 inalengeza zochotsanso ena 10,000. Amazon nayo italengeza za anthu 18,000 mu Januwale 2023, inawonjezera ena 9,000 mu Malichi. Choncho mawu akuti "zimenezo zinatha" musawatenge ngati lonjezo. Amene akukuuzaniyo mwina sakunama, koma nthawi zambiri iyenso sadziwa zomwe akuluakulu akukambirana.

Pemphani kukumana ndi amene adzakhale bwana wanu weniweni, osati a ofesi yolemba antchito okha. Mufunseni ngati mpandowu ndi watsopano kapena munali munthu, ndipo ngati munali munthu, anachoka yekha kapena anachotsedwa. Mufunse kuti m'dipatimenti yake munali anthu angati chaka chatha ndipo atsala angati. Akakuuzani kuti anali 10 ndipo atsala 4 koma ntchito sinachepe, ndiye kuti katundu wa anthu 6 aja akudikira inu. Funsaninso ngati ndalama ya malipiro anu inavomerezedwa kale mu bajeti ya chaka chino. Bwana wodziwa bwino zinthu amayankha mafunsowa ndi manambala. Akayamba kuzungulira n'kumanena za "tsogolo lowala", pamenepo mwapeza kale yankho lanu. Ndi bwinonso kulankhula ndi munthu mmodzi kapena awiri omwe anachotsedwa, poti iwo alibenso choopa, ngakhale muyenera kukumbukira kuti ena amalankhula ndi mtima wowawa.

Ntchito yomwe imabweretsa ndalama mwachindunji, kapena yomwe lamulo limakakamiza kampani kukhala nayo, imakhalitsa. Zoyesera zatsopano zomwe phindu lake likuyembekezeka patatha zaka zitatu ndi zomwe zimayamba kudulidwa.

Tsopano za kontirakiti, ndipo apa ndi pofunika kudekha kwambiri. Munthu watsopano ndiye wosavuta kumuchotsa. Pa nthawi yoyeserera, yomwe nthawi zambiri imakhala miyezi 3 mpaka 6, notisi imakhala yaifupi kwambiri. Ndalama yomwe lamulo limanena kuti munthu alandire akachotsedwa imawerengedwa potengera zaka zomwe wagwira. Ku United Kingdom, mwachitsanzo, munthu amayenera kukhala atakwanitsa zaka 2 kuti ailandire. Mukasiya ntchito yomwe mwagwira zaka 8, mukutaya chitetezo chonse cha zaka zimenezo n'kukayambira pa ziro. Dziwani zomwe lamulo la dziko lomwe mukagwire ntchitoyo likunena, kenako pemphani kuti izi zilembedwe m'kontirakiti: kuti akakuchotsani chifukwa chochepetsa antchito m'chaka choyamba adzakupatsani malipiro a miyezi itatu kapena kuposerapo, kuti nthawi yoyeserera ifupikitsidwe, ndiponso kuti notisi ikhale yotalikirapo. Kampani yomwe ikukufunanidi imavomera chimodzi mwa izi. Ikakana zonse, yakuuzani mmene ikuuonera mpandowo.

Samalani ndi ndalama yomwe amapereka posaina. Makontirakiti ambiri amati mukachoka chaka chisanathe muibweze. Onetsetsani kuti palembedwa kuti mudzabweza pokhapokha mutachoka mwa kufuna kwanu. Chimodzimodzi ndalama yosamukira. Akakulonjezani masheya a kampaniyo, musawawerengere ngati malipiro, chifukwa m'makampani ambiri gawo loyamba limakhala lanu pakatha chaka chathunthu. Akakuchotsani mwezi wa 11 simutenga kanthu. Ngati m'kontirakitimo muli ndime yokuletsani kukagwira ntchito ku kampani yopikisana nayo, pemphani kuti isagwire ntchito ngati ali iwo amene akuchotsani.

Musapereke kalata yosiyira ntchito komwe muli musanalandire kontirakiti yosainidwa ndi mbali zonse, yokhala ndi tsiku loyambira. Ngakhale pamenepo ngozi imakhalapobe: mu Juni 2022 kampani ya Coinbase inathetsa makalata a ntchito omwe anthu anali atavomera kale. N'chifukwa chake tsiku loyambira lisatalikire; mwezi uliwonse wodikira ndi mpata woti zinthu zisinthe. Ndipo komwe mukuchokako tsanzikani bwino, ukayenda siya phazi, poti mwina mudzafuna kubwererako kapena kupempha kalata ya umboni.

Chotsala ndi kuyang'ana m'thumba mwanu. Werengani ndalama zomwe banja lanu limagwiritsa ntchito pamwezi, muone kuti zomwe munasunga zingakufikitseni miyezi ingati popanda malipiro. Ngati simuli pa ntchito, kuvomera sikukutayitsani zambiri, bola musasiye kufunsira kwina. Ngati muli pa ntchito yokhazikika, muli ndi ana pasukulu kapena ngongole, ndipo zosunga zanu sizikwana miyezi itatu, kukwera pang'ono kwa malipiro sikungalipire ngoziyo. Ngati chilolezo chanu chokhalira m'dziko lina chadalira ntchitoyo, fufuzani masiku omwe lamulo limakupatsani kuti mupeze ina mukachotsedwa. Pemphani masiku 5 kapena 7 oganizira, ndipo muwagwiritse ntchito kupeza mayankho olembedwa pa zonsezi.