Kwa Okonzekera Ulendo Wapansi Wokapemphera ku Mua

Inu amene mukufuna kuyenda wapansi kuchokera ku Salima kukapemphera ku mishoni ya Mua, konzani ulendo wanu potsata dzuwa, osati kutalika kwa msewu kokha. Gulu lathu linaona kuti kunyamuka 4 koloko m'bandakucha, n'kuima pofika 10 koloko, kumasunga mphamvu ndiponso madzi akumwa, chifukwa kutentha kwa kuno kunyanja kumafoola munthu msanga. Ngati n'kotheka, sankhani mwezi wa June kapena July pamene kukuwomba mphepo ya mwera, popeza October ndi woopsa makamaka kwa achikulire.

Musavale nsapato zatsopano ngakhale zikhale zokongola bwanji. Zozolowera phazi ndizo sizitulutsa matuza. Katundu wolemera, monga ufa, mapoto ndi maneti a udzudzu, mutumizeni patsogolo pa kabaza kumene mwapempha malo ogona, ndipo aliyense anyamule botolo la madzi othira WaterGuard ndi paketi ya Thanzi ORS.

Mumsewu wa M5 yendani kudzanja lamanja, mondondozana, kuti galimoto zobwera muzizionera patali.