Kukhazika mtima pansi pamene maganizo achuluka

Kuno ku Salima nkhawa ili ndi nyengo zake. Mwera ukayamba kuwomba cha mu June, msodzi wa ku Senga Bay amatha masiku bwato lili pamtunda, kwinaku a banki nkhonde akudikira ndalama yawo. February akafika nkhokwe ili mbee, mlimi wa mpunga ku Lifuwu amachezera usiku kuwerengera matumba amene sanakolole n'komwe. Munthu amangoti "ndikuganiza kwambiri", koma thupi nalo limakhala likudandaula: mtima kuthamanga, khosi ndi mapewa kuuma, tulo kusowa, nsima osakoma.

Pali chizolowezi china chimene achipatala amachitcha mindfulness. Pachichewa tingoti kukhala tcheru ndi zimene zikuchitika pakali pano, m'thupi ndi m'maganizo, osadziimba mlandu. Gwero lake ndi kusinkhasinkha kwa Abuda, koma mu 1979 Jon Kabat-Zinn wa ku University of Massachusetts ku America adachikonza kukhala maphunziro a odwala a masabata 8, opanda mwambo uliwonse wachipembedzo. Msilamu sasiya swala chifukwa cha ichi, Mkhristu sasiya pemphero. Pambuyo pake Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale adachiphatikiza ndi uphungu, kuti chithandize anthu amene matenda a kukhumudwa amawabwererabwerera.

Sankhani nthawi imodzi ndipo musamaisinthe. Mmamawa dzuwa lisanapse ndi bwino, makamaka mu October ndi November, chifukwa masana kutentha kwa kuno kumangogonetsa. Khalani pampando kapena pamkeka, msana woongoka koma osaumitsa, dzanja limodzi pamimba. Maso mutha kutseka kapena kungoyang'ana pansi patsogolo panu. Foni ikhale patali. Sabata yoyamba mphindi 5 zakwana, yachiwiri mufike pa 10, ndipo mukazolowera mutha kukafika pa 20.

Yambani ndi kupuma kasanu motere: kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, dzanja la pamimba likwere, kenako tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Munthu wamkulu akangokhala amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, koma wankhawa amapumira m'chifuwa, mothamanga, ngati akuthamangitsidwa. Kutulutsa mpweya motalikitsa kumachepetsa liwiro la mtima. Mukatha kasanuko lekani kuulamula mpweya. Uzilowa ndi kutuluka wokha, inu muzingoumva pamphuno kapena pamimba, n'kumawerenga kutuluka kulikonse kuyambira 1 mpaka 10, kenako kuyambiranso.

Simudzafika pa 10. Mwina pa 3 pomwe mudzapezeka muli kale pa ngongole ya feteleza, kapena pa mawu amene apongozi adalankhula pamaliro. Apa ndi pamene ambiri amasiyira, n'kumati "ine sindingathe, mutu wanga suima". Komatu palibe mutu umene umaima, ndipo cholinga si kuthamangitsa maganizo. Amene adawetapo mbuzi akudziwa kuti ikalowera kumunda wa eni umaibweza, ikapitanso umaibwezanso, ndipo kubwezako ndiye kuweta kwenikweniko. Mukazindikira kuti mwasochera, litchuleni ganizolo mumtima, "ili ndi ganizo la ngongole", n'kubwerera pa 1. Kutchulako musakupeputse. Munthu wokhumudwa akaganiza kuti "ndine wachabechabe" amalitenga ngati chigamulo cha amfumu. Akazolowera kunena kuti "labweranso ganizo lija loti ndine wachabechabe", amayamba kuona kuti ndi mlendo amene amafika n'kupita. Mukabweza maganizo ka 30 m'mphindi 5, tsikulo ntchito mwaigwira.

Ena amamva chizungulire, zala ndi milomo kuchita dzanzi. Kumeneko ndi kupuma mwamphamvu kwambiri, kumene kumachotsa mpweya wa carbon dioxide wambiri m'magazi. Siyani kuwerenga, pumani mwamasiku onse, zimatha zokha. Wosinza atsegule maso kapena aimirire. Koma amene adakumanapo ndi zoopsa, monga kugwiriridwa, kumenyedwa kapena kupulumuka bwato litagubuduzika, asamale: kutseka maso kungamubwezere pomwepo. Iyeyo maso akhale otsegula, apondetse mapazi pansi, atchule zinthu zisanu zimene akuona ndi zitatu zimene akumva ndi makutu. Zikapitirira asadzikakamize, akaonane ndi achipatala.

Amene alibe mpata wokhala pansi achitire chizolowezichi pa ntchito imene ali nayo kale m'manja. Popeta mpunga mverani kulemera kwa lichero ndi kulira kwa njere. Posoka ukonde khalani pa mfundo imene mukumanga, osati pa usipa wa mawa. Usiku pogona yendetsani maganizo kuchokera ku zala za kumapazi mpaka kumutu, chiwalo chilichonse kupuma katatu, osayesa kukonza kalikonse. Chipatseni chizolowezichi masabata 8 aja musanagamule kuti sizikuthandiza.

Tisanamizane, ngongole siichepa chifukwa mwapuma bwino. Chimene chimasintha n'choti mumakaonana ndi a banki nkhonde mutagona tulo, mukutha kukambirana. Komanso kuthamanga kwa mtima ndi kufooka zingabwere ndi malungo, kuchepa kwa magazi kapena BP, ndiye kayezetseni musanati ndi nkhawa. Mukatha masabata awiri muli okhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, osasangalala ndi chilichonse, osadya, ntchito ikukanika, pitani ku chipatala chaching'ono cha kwanu kapena ku chipatala chachikulu cha boma pa Salima, kapena muuzeni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Mayi amene zamuyamba atangobereka asadikire. Amene adapatsidwa mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine asawasiye ati chifukwa wayamba chizolowezichi. Mankhwalawa amatenga masabata angapo kuti ayambe kumveka, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kumadwalitsa. Ganizo lofuna kudzipha likabwera, si lokhala nalo pamkeka n'kumaliwerengera mpweya. Uzani m'bale kapena mnzanu tsiku lomwelo, achotse m'nyumba mankhwala a mbewu ndi zingwe, akuperekezeni ku chipatala.