Musanasinthe mota ya capstan pa Portastudio yanu

Anzanga ojambula makwaya kuno ku Mangochi, tepi ikasiya kuyenda mu Portastudio (makina ojambulira nyimbo pa kaseti) musathamangire kugula mota ya capstan, yomwe imazunguza kachitsulo kokoka tepi. Yambani mwaona lamba, chifukwa kutentha kwathu kuno kumafewetsa rabala mpaka kumata ngati phula.

Ngati motayo yafadi, jambulani mawaya ndi foni musanawachotse. Yatsopanoyo ikhale ya mavoti ofanana, ndipo muwerenge bwino zilembo CW kapena CCW zosonyeza mbali yomwe motayo imazungulira, popeza ikazungulira chobwerera imatafuna tepi yanu. Pule yakale (kagudumu ka pa mota komwe lamba amadutsapo) musataye, muikhazike pa msinkhu womwewo kuti lamba asamapatuke.

Kenako liwiro. Portastudio ya Tascam 414 imayendetsa tepi 9.5 cm pa sekondi, osati 4.76 ya makaseti wamba. Ikani pitch (chokwezera kapena kutsitsira mawu) pakati, sewerani kaseti yoyesera ya 3000 Hz yojambulidwa pa liwiro la makina anuwo, n'kumapotoza pang'onopang'ono kasikuluwu kosinthira liwiro mpaka mawu a kasetiyo afike pa 3000 Hz. Mukapanda kutero, nyimbo zomwe munajambula kale zidzamveka zokwera kapena zotsika mawu.