Lekani "kusungunula magazi" ndi mapiritsi musanathamange

Nyengo ino ya mipikisano ndaona khalidwe lomwe landitopetsa. Othamanga mtunda wautali akumameza makapusozi a tiyi wobiriwira, ena a njere za mphesa, n'kuponyerapo aspirin m'mawa wa mpikisano. Ati akusungunula magazi kuti asaundane.

Chomwe anamvacho si bodza lonse. Mukathamanga mwamphamvu, tizigawo ta magazi totseka mabala, totchedwa mapulateleti, timachuluka ndipo timamatirana msanga. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a tizigawoti limasungidwa m'kapamba, ndipo adrenaline, mahomoni amene thupi limatulutsa likamalimbika kapena likachita mantha, akakwera kapamba amafinyika n'kutitulutsa. Koma zimenezi zimakula mwa munthu wongodzuka n'kuyamba liwiro asanazolowere. Thupi lokonzekera miyezi ingapo silitekeseka motero. Ndiye ambiri omeza mapiritsiwa ndi aja anajomba pokonzekera, akufuna botolo liwagwirire ntchito ya miyendo. Ndalankhula mpaka kukhosi kuuma, koma anthu safuna kumva!

Aspirin satuluka ndi thukuta. Pulateleti imene wayigwira simatirananso bwino ndi zinzake, siyibwereranso mwakale mpaka itafa, ndipo moyo wake ndi masiku 7 mpaka 10. Mwamwa Loweruka, Lachiwiri mphamvu yake ikadali nanu. Tsono pa mpikisano wa makilomita 42 magazi amachepa kale m'matumbo chifukwa athamangira kuminofu, moti ena amataya magazi m'mimba ngakhale asanamwe kalikonse. Inu n'kuwonjezerapo mankhwala opweteka chifu ndi impso, thupi lili louma chifukwa cha thukuta.

Mlimi wina amene amathamanga nafe anadzicheka chala akudulira mitengo yake, patangopita masiku awiri chichitikireni mpikisano. Kabala kake kosaposa chikhadabo, koma ananyowetsa nsanza ziwiri magazi osaleka. Atandipeza anati, "Alangizi, inetu ndimangomwa zachilengedwe." Nditamufunsitsa ndi pamene anatulutsa m'thumba pepala la aspirin, latsala mapiritsi atatu.

Zachilengedwezonso tizizitenga bwino. Ma polyphenol, tizinthu ta m'zomera timene makapusoziwa amadalira, alipodi mu tiyi, koko, mphesa, maapozi ndi anyezi, ndipo amachepetsako kumatirana kwa mapulateleti, koma pang'ono chabe komanso kwa kanthawi. Kapusozi ndi nkhani ina, chifukwa muyeso wa makapu ambiri a tiyi waupanikiza m'kanthu kamodzi. Mu 2018 bungwe la EFSA, loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, linanena kuti EGCG, polyphenol wa m'mapiritsi a tiyi wobiriwira, akafika mamiligalamu 800 pa tsiku, chiwindi chimatha kuyamba kuonetsa zizindikiro zoti chikuvutika. Ndani mwa inu amawerenga muyeso pa botolo? Ndipo tiyi wamphamvu womwera pa chakudya amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba ndi nyemba, pomwe wothamanga amataya kale ayironi.

Zochita n'zodziwika. Onjezerani mtunda pang'onopang'ono, imwani madzi molingana ndi ludzu, idyani zipatso ndi masamba tsiku lililonse, tiyi muzimwa patapita ola limodzi mutadya. Amene dokotala anakulemberani aspirin kapena warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, musasiye nokha, koma muuzeni kuti mumathamanga komanso mumuonetse makapusoziwo. Chimbudzi chikada ngati phula, kapena mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka mutatha mpikisano, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.