Kulowetsa akazi kapena amuna anu pa FEHB mutapuma ntchito ku America

Izi ndi za anzathu amene munagwira ntchito m'boma la federal ku America, mwapuma kapena mwatsala pang'ono, ndipo mukufuna akunyumba akhale nawo pa inshuwalansi yachipatala ya FEHB imene imayendetsedwa ndi OPM, ofesi yoyang'anira ogwira ntchito m'boma la federal.

Choyamba onani ngati inuyo muli oyenera kupitiriza nayo. Lamulo lake mukhale kuti munali pa FEHB zaka 5 zomaliza musanapume komanso penshoni yayamba pompo. Zaka 5 zimenezi ndi za inu, akazi anu kapena amuna anu siziwakhudza.

Kenako nthawi. Pali Open Season, nyengo yosinthira pulani chaka ndi chaka, kuyambira chapakati pa Novembala mpaka chakumayambiriro kwa Disembala, zomwe mwasintha zimayamba pa 1 Januwale. Koma ngati mwangomanga banja simudikira zimenezo, muli ndi masiku 60 kuchokera tsiku la ukwati, fomu yake ya opuma ndi OPM 2809, setifiketi ya ukwati ikhale pafupi. Mukuchoka pa Self Only (inu nokha) kupita pa Self Plus One (inu ndi munthu mmodzi) kapena Self and Family (banja lonse), ndipo yang'anani mitengo yonse iwiri chifukwa mapulani ena Self Plus One imadula kuposa ya banja lonse, zodabwitsa koma ndi momwemo.

Tsopano pomwe ambiri amagwa mphwayi ndi apa. Inu mukamwalira, mnzanuyo amapitiriza FEHB pokhapokha ngati anali pa pulani yanu tsiku lomwalira lija komanso munamusiyira survivor annuity, gawo la penshoni yanu limene amalandira inu mukamwalira. Pa FERS, dongosolo la penshoni la ogwira ntchito m'boma la federal, kumusiyira theka la penshoni amakudulani 10% mwezi ndi mwezi, kumusiyira 25% amadula 5%, ndiye munthu amawerengera nkuti aaa ndalama imeneyi ndigulire malata kumudzi, osadziwa kuti wasiya mayi wa ana ake opanda chipatala ali ndi zaka 70. Olo ya 25% yomweyo ndiyokwanira kuti inshuwalansi isaduke. Ngati mwakwatira mutapuma kale muli ndi zaka 2 kuchokera tsiku la ukwati zoti musankhe kumusiyira survivor annuity.

Za inshuwalansi yowonjezera, mukafika zaka 65 pamabwera Medicare, inshuwalansi yachipatala ya boma ya okalamba. Part A, yogonera m'chipatala, ndi yaulere ngati inu kapena mnzanu munalipira msonkho wake zaka 10, itengeni basi. Part B, yoonana ndi madokotala, ndiyolipira, mu 2025 inali $185 pamwezi munthu mmodzi, ndipo mukachedwa kulowa pali chindapusa cha 10% pa chaka chilichonse chomwe mwachedwa, chosatha. Mukakhala ndi zonse Medicare imalipira kaye, FEHB nkumalizitsa, ndiye Medigap, inshuwalansi yogula padera yolipira zotsala za Medicare, ndi kungotaya ndalama. Ambiri amangosamukira ku pulani ya FEHB yotsikirapo mtengo. Mano ndi maso lembetsani inshuwalansi ya FEDVIP kudzera pa webusayiti ya BENEFEDS.

Amene mukulingalira zokapumira ku Lilongwe kapena kunyanja, dziwani kuti Medicare kunja kwa America pafupifupi silipira kalikonse pomwe mapulani ena a FEHB monga Blue Cross Blue Shield amalipira, werengani kabuku ka pulani yanu gawo la kunja. Ndipo pa fomu samalani mawu awiri, suspend ndi cancel. Yoyamba imakulolani kubwerera ku FEHB ngati mwapita ku Medicare Advantage (Medicare yodzera ku makampani a inshuwalansi), mukasankha cancel mutapuma kale simubwereranso.