Momwe mungalapire n'kupeza mpumulo ngakhale mtima ukukayikabe

Anthu ambiri amadikira kuti kukayika kuthe kaye ndiye alape, ena amadikira kuti amve kenakake mumtima ndiye akhulupirire kuti akhululukidwa, mapeto ake zaka zimangodutsa munthu ali pamodzimodzi. Njira yomwe ndikulemba apa ndi yomwe ndinadutsamo ineyo, ndipo yambiri yachokera pa Mateyu 11 chifukwa m'chaputala chimodzi chomwechi muli zonse zitatu, kukayika koyambirira, kulapa pakati, mpumulo kumapeto. Zopeza Baibulo ndi malo a phee sindinenapo, mukuzidziwa kale. Kungoti ngati mukuwerengera pa foni zimitsani data, apo ayi muyamba ndi Mateyu n'kumalizira pa status ya munthu.

Choyamba, funso lanu lipite kwa mwini wake. Werengani vesi 2 mpaka 6. Yohane Mbatizi ali m'ndende, wamumanga Herode Antipa chifukwa chomudzudzula pa nkhani ya Herodiya mkazi wa m'bale wake Filipo, ndiye munthu yemweyu amene anabatiza Yesu mu Yorodano akutuma ophunzira ake kuti akafunse, kodi ndinudi wakudza uja kapena tidikire wina? Yesu sanamukalipire. Anangoti kamuuzeni zomwe mukumva ndi kuona, akhungu akupenya, olumala akuyenda, akhate akuyeretsedwa, akufa akuuka, osauka akumva uthenga wabwino. Mawuwa atsamira pa Yesaya 35 ndi 61, koma taonani bwino, Yesaya 61 imanenanso za kumasulidwa kwa am'ndende ndipo pamenepo Yesu sanatchulepo. Yohane sanatuluke, anamudula mutu ali momwemo. Komabe pa Mateyu 11:11 Yesu akuti mwa obadwa mwa akazi sanaoneke wamkulu woposa Yohane, akunena izi funso lija litangofunsidwa kumene. Ndiye inu tengani pepala mulembe funso lanu momwe liliri, osalikongoletsa, kaya ndi loti bwanji ndinapemphera koma munthu uja anamwalirabe, mulinene m'pemphero. Bambo wa mwana wodwala uja pa Marko 9:24 ananena zonse ziwiri pakamwa pamodzi, ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga, ndipo mwana anachira.

Chachiwiri, tchimolo mulitchule dzina. Pemphero loti mutikhululukire zomwe tachimwa podziwa ndi posadziwa ndi labwino pagulu, koma muli nokha ndi njira yachidule yothawira. Nenani kuti ndinanama, ndinadya ndalama ya wina, ndikuyenda ndi mkazi wa mwini. Pa Luka 3 okhometsa msonkho atafunsa Yohane kuti titani, anawauza kuti musamatolere zopitirira zomwe munalamulidwa, asilikali anawauza kuti musalande za anthu ndipo mukhutire ndi malipiro anu, aliyense anamugunda pa ntchito yake yeniyeni. Ndipo musadalire zoti mwakhala mumpingo nthawi yaitali, Korazini, Betsaida ndi Kapernao ndi midzi yomwe inaona zozizwa zambiri kuposa kwina kulikonse koma ndi yomwe Yesu anaidzudzula pa Mateyu 11:20-24 kuti sinatembenuke mtima.

Chachitatu ndi kukakonza ndi munthu amene munamulakwira, apa ndiye ndichedwapo chifukwa mpamene zinandisokonekera ine. Mateyu 5:23-24 akuti ukakumbukira uli paguwa kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya mphatsoyo pomwepo ukayanjane naye kaye. Zakeyu pa Luka 19:8 anati theka la chuma chake apereka kwa osauka ndipo amene anamubera amubwezera kanayi. Ineyo ndinali ndi ngongole ya mnzanga yomwe ndinkaizemba mpaka ubale unazizira, ndiye nditafika pa sitepe imeneyi ndinasonkhanitsa ndalama ija n'kupita nayo. Mumtima ndinali nditajambula kale momwe zikhalire, tikumbatirana, mwina tipemphera limodzi. Munthu analandira envelopu ali chiimire pakhomo, anawerenga ndalama ija mwakachetechete kwinaku akunyowetsa chala, atamaliza anangoti chabwino, n'kutseka chitseko. Madzulo ake ndinatumiza meseji pa WhatsApp, timatiki tiwiri tija tinasanduka tabuluu, yankho osabwera.

Pamenepo mpamene kukayika kunabwerera mwamphamvu kuposa poyamba, ndinkaganiza kuti ngati uyu sanandikhululukire ndiye kuti kumwambanso nkhani yanga yakanidwa. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, muzisiyanitse musanapite. Gawo lanu ndi kupita, kuvomera, kubweza. Yankho lake ndi lake, ndipo ali ndi ufulu wotenga nthawi chifukwa amene anavulala ndi iyeyo. Paulo pa Aroma 12:18 anaikapo malire, akuti ngati n'kutheka, monga momwe mungathere inuyo, khalani mwamtendere ndi anthu onse, kutanthauza kuti nthawi zina sizitheka. Onaninso Yudasi pa Mateyu 27, ndalama zasiliva 30 zija anabwezadi, anavomeranso kuti wapereka munthu wosalakwa, koma akulu ansembe atamuyankha kuti izo n'zako iye anathera pomwepo n'kukadzimangirira. Petro anakana katatu, analira kwambiri, koma anakhalabe pakati pa anzake mpaka Yesu anamupeza kunyanja pa Yohane 21 n'kumufunsa katatu ngati amamukonda. Ndiye chitseko chikakutsekerani musakhale nokha nazo, bwererani kwa Yesu komanso uzaniko mkhristu mmodzi wokhwima amene sakhala ndi pakamwa.

Tizinthu tina pa sitepe yomweyi. Popepesa musaikemo "koma", mukangoti pepani koma nanunso munandiyamba ndiye kuti mwapita kukazenga mlandu. Musapite ndi gulu ngati mukukachita umboni. Ndipo pali milandu ina yoti kupita nokha kungamuvulazenso munthuyo kapena inuyo, imeneyo funsani kaye abusa kapena ansembe anu momwe mungaiyendetsere.

Apa ndichenjezeko, nthawi yomwe mtima uli wosweka chonchi mpamene ogulitsa amakupezani. Pa Facebook ndi pa TikTok mwadzaza anthu ogulitsa mafuta odzozedwa, madzi, timabandi tapamkono, ena amati tumizani kaye mbewu ndiye tikumasuleni ku matemberero a makolo, ndipo mtengo umakwera malinga ndi momwe aonera kuti mwapanikizika. Yesu potuma ophunzira ake pa Mateyu 10:8 anati munalandira kwaulere, patsani kwaulere, ndipo Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama pa Machitidwe 8, Petro anamuuza kuti ndalama yakoyo iwonongeke nawe limodzi. Ndalama imeneyo bola mukabwezere amene munamudyera.

Chachinayi, landirani chikhululukiro osadikira kuti thupi lichite tsembwe. Mwana wolowerera wa pa Luka 15 anakonza mawu oti akanene, kuphatikizapo oti mundiyese ngati mmodzi wa antchito anu, koma werengani vesi 21 ndi 22, mbali imeneyo sanafike poinena, bambo anali ataitanitsa kale mkanjo ndi mphete. Wokhometsa msonkho wa pa Luka 18 anapemphera chiganizo chimodzi n'kupita kwawo atayesedwa wolungama. Tchimo lomwe mwaulula kale musamalibwereze usiku uliwonse.

Chachisanu ndi mpumulo uja wa pa Mateyu 11:28-30, idzani kwa Ine nonse olema ndi othodwa. Dziwani kuti muli goli mmenemo, Yesu akuti senzani goli langa muphunzire kwa Ine, ndiye si kugona ayi, ndi kusiya kudzisenzetsa mitolo yoti mudzilipirire nokha. Pa Mateyu 23:4 anadzudzula atsogoleri omanga akatundu olemera n'kusenzetsa anthu, ndiye mukaona kuti malamulo omwe mwadziikira akukutopetsani kuposa tchimo lija, achepetseni.

Zotsalazo n'zodziwika. Werengani kachigawo kamodzi ka uthenga wabwino patsiku, yambani ndi Marko chifukwa ndi wamfupi, machaputala 16 okha. Musasiye kusonkhana ndi anzanu, Tomasi anamuona Yesu atabwerera pagulu patapita masiku 8. Nambala za m'foni zomwe zimakukokerani kumbuyo fufutani. Mukagwanso yambirani pa sitepe yachiwiri, yoyambayo muzibwererako funso latsopano likabwera.